OCD m'banja limodzi: amachita kupatsirana kapena ndi zakumtundu?

Funso ili ndalimva kangapo, ndipo wofunsayo nthawi zambiri safunsa mwachidwi chabe ayi, amakhala kuti zikumuchitikira pakhomo. Mayi ali ndi vuto losamba m'manja mosalekeza, patapita zaka mwana wawo wamkazi nayenso wayamba zomwezo. Kapena bambo amadzuka kanayi usiku kukaona ngati chitseko chakhomedwa, ndipo pano mkazi wawo nawonso tulo sitibwera asanakagwire loko uja. Nde anthu amafunsa kuti kodi matendawa amapatsirana? Wina amati mwanayo akungotengera, muwasiyanitse basi zitha. Wina amati ndi zakumtundu izi, palibe chomwe mungachite. Aliyense wagwirako mbali yake koma palibe wagwira zonse, chifukwa OCD, vuto la maganizo limene limachititsa zimenezi, ikaoneka mwa anthu awiri a nyumba imodzi pali njira zitatu zosiyana zimene ingakhale itadzera, ndipo chithandizo chake chimadalira kuti ndi njira iti.

Chimodzi tinene poyambirira pomwe: kulibe kachilombo ka OCD. Simungaitenge pogwirana chanza, pogona chipinda chimodzi kapena pomwera kapu imodzi.

## OCD yeniyeniyo ndi chani

OCD ndi chidule cha dzina la Chingelezi loti obsessive-compulsive disorder, ndipo dzinalo likutchula mbali ziwiri za vutoli. Obsession ndi ganizo, chithunzi kapena mantha amene amangolowa m'mutu osawaitana, amabwera mobwerezabwereza ndipo mwiniwakeyo sawafuna olo pang'ono. "Manja angawa ali ndi majeremusi, ndimudwalitsa mwana." "Sitovu ija ndinazimitsa koma?" "Bwanji nditamuvulaza munthu amene ndimamukonda?" Compulsion ndi chimene munthuyo amachita kuti mtima ukhale m'malo, monga kusamba, kubwerera kukaona, kuwerenga manambala chamumtima, kubwereza pemphero mpaka limveke kuti tsopano lakhala bwino, kapena kufunsa anthu kuti amutsimikizire.

Zimayenda ngati kukanda pamene pakuyabwa. Ukakanda umamva bwino kwa kamphindi, koma khungu limatupa ndipo kuyabwa kumabweranso kuposa poyamba. Ubongo umaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa ndasamba, nde ulendo wina mantha akabwera umafuna kusambanso, ndipo supeza mpata woona kuti olo ukanapanda kusamba palibe chikanachitika. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa nkhani yonse ya banja yagona pamenepa.

Maganizo achilendo paokha si matenda. Mu 1978 akatswiri awiri a zamaganizo, Stanley Rachman ndi Padmal de Silva, anafunsa anthu wamba opanda vutoli ndipo anapeza kuti ambiri mwa iwo amabweredwanso ndi maganizo osautsa ofanana ndithu ndi a anthu odwala OCD. Kusiyana kwake n'koti kwa ambirife ganizolo limangodutsa ngati munthu wapanjira, pomwe kwa wa OCD limaima pakhomo n'kumagogoda osaleka. Madokotala amati zafika pa matenda zikamadya nthawi yoposa ola limodzi patsiku, kapena zikamasokoneza sukulu, ntchito ndi kukhala ndi anthu. Pa anthu 100 aliwonse, mmodzi kapena awiri amadwala OCD pa moyo wawo, ndipo kawirikawiri imayamba paubwana, paunyamata kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 20. Anyamata amakonda kuyamba msanga kuposa atsikana.

Apa ndipatuke pang'ono. Anthu ambiri masiku ano amati "ine ndili ndi OCD" pongotanthauza kuti amakonda ukhondo kapena kusanja zinthu bwinobwino. Munthu wokonda ukhondo akamaliza kukonza m'nyumba amasangalala. Wa OCD akamaliza kusamba kachimakumi awiri manja atang'ambika amalira, ndipo nthawi zambiri amadziwa yekha kuti zimene akuchitazo n'zopyola muyezo, kungoti sangathe kusiya.

## Njira yoyamba: zakumtundu

Kuti OCD imayenda m'mabanja, zimenezo ofufuza sakangana. Buku limene madokotala ambiri a zamaganizo amagwiritsa ntchito pozindikira matenda, lotchedwa DSM-5 lomwe linatuluka mu 2013, limati makolo, ana ndi abale a bere limodzi a munthu wamkulu wodwala OCD ali ndi mpata wowirikiza kawiri woti nawonso adwale poyerekeza ndi anthu ena. Ngati wodwalayo anayamba ali mwana kapena wachinyamata, mpatawo umawirikiza kakhumi.

Koma anthu a banja limodzi amagawana zonse ziwiri, magazi komanso nyumba, nde tingadziwe bwanji kuti chikuchititsa n'chiti? Apa mpamene mapasa amathandiza. Mapasa ofanana ndendende, ochokera ku dzira limodzi, ali ndi ma gene ofanana onse, ndipo ma gene ndi timalangizo ta m'maselo athu timene timatengera kwa makolo. Mapasa osafanana amagawana pafupifupi theka lokha, ngati abale ena aliwonse, ngakhale nawonso amakulira nyumba imodzi nthawi imodzi. Buku lomwe lija limati mwa mapasa ofanana, mmodzi akakhala ndi OCD mnzakeyo amakhala nayonso pa maulendo 57 mwa 100, pomwe kwa osafanana ndi 22 mwa 100. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden wa mu 2013, wotsogoleredwa ndi David Mataix-Cols, anayang'ana mabanja a anthu oposa 24,000 odwala OCD ndipo anapeza kuti ubale wamagazi ukamatalika mpatawo umachepa, komanso kuti ma gene amafotokoza pafupifupi theka la nkhaniyi. Chodabwitsa n'choti kungokulira nyumba imodzi sikunaoneke kuti kukuwonjezera kwenikweni. Theka linalo ndi zimene munthu amakumana nazo payekha pa moyo wake.

Taonani bwino nambala ija ya 57. Si 100. Anthu awiri a ma gene ofanana onse, koma pafupifupi theka la nthawi mmodzi amadwala mnzake osadwala. Palibe gene imodzi ya OCD, ndi ambirimbiri aliyense kuikapo kake kochepa, ndipo chimene munthu amatengera si matendawo koma mpata wokulirapo, monga mmene BP imayendera m'mabanja ena koma si onse a m'banjamo amadwala. Ana ambiri a makolo odwala OCD sadwala.

Chinanso chimene chimasonyeza kuti si kungotsanzira n'choti zizindikiro zake kawirikawiri sizifanana. Mayi amasamba m'manja, mwana amawerenga masitepe kapena amavutika ndi maganizo oipa amene sanauzepo munthu aliyense, zinthu zoti sanazionepo kwa mayi akewo. Chimene atengerana ndi ubongo umene alamu yake imalira msanga n'kuchedwa kuzima, ngati alamu ya galimoto yolira mphepo ikangowomba. Zithunzi za ubongo zimasonyeza kuti mwa odwala OCD, njira yolumikiza mbali ya kutsogolo pamwamba pa maso ndi mbali zina zamkati imagwira ntchito mopyola.

## Njira yachiwiri: banja lonse kuyamba kutumikira matendawo

Iyi ndiye imachitika kwambiri, ndipo ndi imene anthu saiona chifukwa imavala nkhope ya chikondi.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 12 amene amaopa majeremusi. Madzulo akuchokera kusukulu amafunsa, "Amayi, chikwama changa chakhudza pansi, ndidwala?" Mayi amayankha, "Ayi mwanangu, sudwala." Patapita mphindi zisanu wabweranso, "Mukunena zoona amayi? Nenaninso." Mayi anenanso, chifukwa ndi mayi uti angaone mwana wake akunjenjemera n'kukana kunena mawu awiri okha? Mwezi wotsatira mnyamata uja akupempha kuti aliyense wolowa m'nyumba asambe kaye m'manja. Kenako asinthe zovala. Kenako mlongo wake asakhale pampando wakutiwakuti, thaulo lake lisakhudzane ndi la wina, bambo amutsegulire chitseko kuti iye asagwire chogwirira. Sopo akutha sabata iliyonse ndipo akungogula wina. Alendo anasiya kuwaitana. Palibe tsiku limene banjali linakhala pansi n'kugwirizana kuti tizikhala chonchi, zinangolowa pang'onopang'ono, chilichonse chikuoneka chaching'ono pa tsiku lake.

Akatswiri amazitcha family accommodation, kutanthauza kuti achibale akusintha moyo wawo kuti ugwirizane ndi zofuna za matendawo. Mu 1995 Lisa Calvocoressi ndi anzake ku yunivesite ya Yale anafunsa achibale a odwala OCD ndipo pafupifupi 9 mwa 10 anavomera kuti amachita zimenezi mwanjira ina. Kumutsimikizira wodwalayo mobwerezabwereza, kumuchitira nawo miyambo yakeyo (ma compulsion aja), kumudikirira maola kuti amalize musananyamuke, kupewa mawu kapena malo amene amamuopsa, kumugwirira ntchito zimene iye akuzithawa, zonsezi zili momwemo.

Munthu wobwera akaona nyumba yonse ikusamba m'manja ndi kusintha zovala pakhomo amaganiza kuti onse akudwala. Koma funsani mlongo uja kuti akakhala kwa anzake amachita bwanji. Sasamba kasanu, za majeremusi saziganiza n'komwe. Iye alibe obsession, chimene amaopa ndi kulira ndi kukuwa kwa mchimwene wake mlongoyo akaphwanya lamulo. Manja ake akuchita compulsion koma mantha ake ndi a munthu wina.

Tsono kumbukirani za kukanda zija. Yankho lililonse la "ayi mwanangu, sudwala" ndi kukanda, kungoti akukanda ndi mayi. Mwana amapeza mpumulo wa mphindi zochepa, ubongo wake n'kulemba kuti ndapulumuka chifukwa amayi anditsimikizira, ndipo mawa adzafuna kawiri. Kafukufuku wambiri wapeza kuti m'mabanja amene kulolera kotereku n'kochuluka, matendawo amakhala aakulu ndipo chithandizo chimavuta kugwira. Zimakokana mbali zonse ziwiri, matenda akakula banja limalolera kwambiri, banja likalolera kwambiri matenda amapeza malo okulira.

Ndikunena izi osati poloza chala makolo. Mayi uja sanayambitse OCD ya mwana wake, ndipo zimene akuchitazo ndi zimene munthu aliyense wachikondi angachite ngati sanauzidwe mmene matendawa amayendera. Palinso mbali ina yomwe ndi yowawa chimodzimodzi, achibale amene amatopa n'kuyamba kukalipa, "tasiya zachibwanazo iwe", kubisa sopo, kumunyoza pamaso pa anthu. Zimenezinso sizichiritsa, zimangowonjezera nkhawa ndi manyazi, mwana n'kuyamba kuchita miyambo yake mobisa. M'nyumba zambiri mumapezeka zonse ziwiri, kholo limodzi lolekerera lina lokalipa, ndipo awiriwo amayamba kukangana okhaokha aliyense akuti mnzakeyo ndiye akuwononga mwana.

## Njira yachitatu: wachiwiri kuyamba kukhulupirira nawo

Iyi ndi yosowa, koma ndi imene anthu amaiganizira akamafunsa zopatsirana. Mu 1877 madokotala awiri a ku France, Charles Lasègue ndi Jules Falret, analemba za chimene anachitcha folie à deux, kutanthauza misala ya anthu awiri. Anaona kuti munthu amene ali ndi chikhulupiriro cholakwika chochokera ku matenda a misala, mwachitsanzo choti anthu oyandikana nawo akufuna kumupha, amatha kuchilowetsa mwa munthu wina amene amakhala naye pafupi kwambiri. Kawirikawiri woyambayo amakhala wamphamvu paubalewo, wachiwiriyo amamudalira, ndipo awiriwo amakhala kwaokha osacheza ndi anthu ena amene akanati "aaa, zimenezo si zoona". Akawasiyanitsa, wachiwiri uja nthawi zambiri amayamba kuchira.

Madokotala ena alembapo za odwala ochepa amene zofananazo zinawachitikira ndi OCD, ndipo amazitcha shared OCD. Si dzina lovomerezeka la matenda m'mabuku akuluakulu, ndi nkhani za odwala apo ndi apo zimene madokotala anaziona n'kuzilemba. Maonekedwe ake ndi omwe aja, anthu awiri ogwirizana kwambiri monga mayi ndi mwana, apachibale kapena okwatirana, okhala motsekeka, ndipo wachiwiriyo zizindikiro zake zimafanana ndendende ndi za woyambayo komanso zinayamba pambuyo. Apa mpamene akusiyana ndi mlongo uja. Uyu sakungotsatira malamulo kuti pakhale mtendere, mantha aja alowa mwa iye, olo ali yekha amasamba.

OCD yokha si misala ya mtundu umene Lasègue ndi Falret ankanena. Odwala ambiri amadziwa kuti manthawo ndi opyola, ngakhale alipo ena amene kuzindikirako kumachepa kwambiri mpaka kukhulupirira ndi mtima wonse. Ndipo anthu awiri akamatsimikizirana tsiku ndi tsiku kuti zoopsazo ndi zenizeni, popanda wachitatu wotsutsa, kakuzindikira kochepa kaja kamazimiririka mosavuta.

Kwa abale amagazi n'kovuta kulekanitsa njira yachitatuyi ndi yoyamba ija, chifukwa mwana amene watengera mantha a mayi ake watengeranso ma gene awo. Kafukufuku wa ku Sweden uja anapezanso kuti amuna kapena akazi a odwala OCD, omwe si abale amagazi, nawonso mpata wawo ndi wokwererako. Ofufuza amapereka zifukwa ziwiri zotheka, kuti anthu a mtima wofanana amakonda kukwatirana, kapena kuti kukhala limodzi zaka zambiri kumasintha munthu.

## Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito yanji

Ntchito yake ndi yoti malangizo oti "asiyanitseni basi" amathandiza pa njira imodzi yokha, yosowa ija, ndipo olo pamenepo amathandiza wachiwiri yekha, woyambayo amafunikabe chithandizo. Ngati aliyense ali ndi OCD yakeyake, kuwasiyanitsa kumangosamutsa vuto. N'chifukwa chake dokotala kapena katswiri wa zamaganizo amafuna kuonana ndi aliyense payekha, kumva kuti zinayamba liti, anayamba ndani, komanso munthuyo amatani akakhala kutali ndi mnzakeyo.

Chithandizo chimene chatsimikizika kwambiri chimatchedwa ERP, chidule cha exposure and response prevention, ndipo anachiyambitsa ndi Victor Meyer ku London mu 1966. Munthu amakumana ndi chimene amachiopa pang'onopang'ono, kuyambira chopepuka, n'kudziletsa kuchita mwambo uja. Amagwira chogwirira chitseko osasamba, mantha amakwera, amadikira, kenako mantha amatsika okha ndipo ubongo umaphunzira chimene unali usanapatsidwe mpata wophunzira. Palinso mankhwala a gulu la SSRI, amene amaperekedwanso pa matenda okhumudwa, monga fluoxetine ndi sertraline, komanso akale otchedwa clomipramine. Pa OCD mankhwalawa amachedwa kugwira, amatha kutenga masabata 8 mpaka 12, nde ambiri amasiya msanga poganiza kuti sakuthandiza. Kuyamba, kusintha kapena kusiya mankhwala ndi nkhani yokambirana ndi dokotala, ndipo anthu a nyumba imodzi asamagawane mapilisi poti matenda ndi amodzi. OCD imayendanso kawirikawiri ndi matenda okhumudwa kwambiri, choncho wina akayamba kulankhula zofuna kudzipha musadikire, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Odwala akakhala awiri m'nyumba imodzi pamakhala vuto lina, amatha kumakandana. Mwana akuyesetsa ERP kuchipatala, akafika kunyumba mayi ake amene nawonso amaopa majeremusi akumuuza kuti kasambe msanga. Zikatere zimathandiza kuti onse awiri alandire chithandizo nthawi imodzi. Kwa kholo limene lili ndi OCD ndipo likuda nkhawa ndi ana ake, ma gene silingawasinthe, koma lingathe kulandira chithandizo, kusawalowetsa ana m'miyambo yake, komanso kuzindikira msanga mwana akayamba zizindikiro chifukwa limazidziwa kuposa wina aliyense.

Nanga banja la mnyamata uja lichite bwanji? Kusiya zonse tsiku limodzi sikuyenda, nyumba imasanduka bwalo la nkhondo. Eli Lebowitz wa ku Yale anakonza njira yotchedwa SPACE imene imagwira ntchito ndi makolo okha, olo mwanayo akukana kupita kuchipatala, ndipo mfundo yake ndi yoti makolo asinthe zochita zawo iwowo m'malo mokakamiza mwana kusintha. Amasankha chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo kuyankha funso lija mobwerezabwereza. Amamuuziratu mwana nthawi imene mtima wake uli pansi, osati pakati pa kulira, kuti kuyambira mawa tiziyankha kamodzi basi, ndipo tikuchita izi chifukwa taona kuti mayankho athu sakukuthandiza. Makolo onse awiri alankhule chimodzi. Masiku oyambirira zinthu zimaipiraipira, mwana amafunsa kwambiri, amakwiya, mwina kunena kuti simundikonda, ndipo apa mpamene ambiri amabwerera m'mbuyo poganiza kuti alakwitsa, chonsecho ndi mmene zimayambira.

Mawu amene mayi amanena pa nthawi imeneyo amafunika akhale ndi zinthu ziwiri, kuvomereza kuti mantha a mwanayo ndi enieni kwa iye, komanso kumukhulupirira kuti angathe kupirira. Mwana akabweranso kachiwiri kuti "Amayi, ndidwala?", mayi sanenanso kuti sudwala, komanso samukalipira. Amati, "Ndikuona kuti ukuopa kwambiri mwanangu, ndipo ndikudziwa kuti n'zowawa. Funso limenelo ndayankha kale, sindiyankhanso. Koma ndikhala nawe pompano mpaka mtima utsike." Kenako amakhaladi pansi pambali pake, osachoka, kaya zitenga mphindi 10 kaya 40. Funso limenelo likazolowereka kuti limayankhidwa kamodzi, mpamene amasankha chachiwiri, mwina cha mpando wa mlongo wake uja.